Kamtolo ka Mfundo Zitatu

Khitchini ya Estele, kumunsi kwa msika wa Milonde, inkadziwika chifukwa cha denga lake. Azimayi anzake kudenga ankapachikako chimanga cha mbewu ndi zikwatu za mfutso, koma kwa iye kunkalendewera timitolo ta ngala za mpunga, makumi atatu ndi kuposerapo, tochita kuda ndi utsi. Kamtolo kalikonse kanali komanga ndi luzi, ndipo pa luzipo panali mfundo, pena imodzi, pena ziwiri. Kamodzi kokha, kopachikidwa pakati penipeni, ndiko kanali ndi mfundo zitatu. Estele akamasonkha moto m'mawa ankayamba wayang'ana kaye kamtoloko, monga mayi asuzumira mwana wogona.

Womanga mfundozo anali mwamuna wake, Alufeyo. Sukulu anangoilawa, choncho luzi ndilo linali buku lake. Anali mkamwini wochokera cha ku Muloza, ndipo analowa pamudzipo mu 1950, anthu asanapole mabala a njala ya 1949, imene inatenga mayi ake a Estele pamodzi ndi ana awiri a mkulu wake Alefa. Katundu amene anabwera naye sanali wotopetsa munthu: khasu, mkeka, ndi kansalu komangamo mpunga wodzaza dzanja limodzi. Mpungawo unali Kanunkhira, mbewu imene mayi ake a Alufeyo anawoloka nayo malire ali mtsikana, pothawa nkhanza za Apwitikizi. Pa njala paja abale ake onse anadya mbewu yawo, koma mayiwo anamanga kansaluko m'chiuno nalolera kugona ndi njala.

Kanunkhira unali mpunga wa ngala zazitali ndi zolemera, ndipo ukakhala pamoto fungo lake linkaimitsa anthu apanjira. Chilema chake chinali ulesi pakucha. Dambo la kumeneko limauma msanga, ndiye madzi ankauthawa usanakhwime, ndipo wopulumukawo mpheta zinkaugwera ngati zachita kuitanidwa. Eni dambo ankalima mtundu wina, Chandevu, wocha msanga, wa ndevu zolasa zimene mbalame zimaziopa. Koma ngala zake zinali zazifupi ngati chala, ndipo m'kamwa unali wouma. Anthu ankaudya poti panalibe wina.

Asanakwatire, Alufeyo anagwirapo ntchito zaka zinayi pa munda wa boma woyeserera mbewu. Anamulemba yotunga madzi ndi kupalira, koma maso sankawasiya kunyumba. Ndiye dzinja loyamba lomwelo anthu a pamudzipo anaona zachilendo. Chandevu anaufesa mochedwa dala kuti umasule pamodzi ndi Kanunkhira. Madzulo ankagwada m'matope ndi lumo ndi singano, n'kumadula nsonga za timaluwa ta Kanunkhira, kuchotsamo timitu tachikasu tokhala ndi mungu, kamodzikamodzi, kenaka n'kuveka ngalayo kathumba ka pepala. M'mawa mwake dzuwa likayamba kutentha ankabwera ndi ngala ya Chandevu n'kuigwedezera pamwamba pake kuti mungu ugweremo. Estele ndiye ankagwirizira timatumba ndi kumanga.

Tsiku lina a Pilato anawapeza ali pantchito yomweyi. A Pilato anali mlongo wake wamkulu wa Estele, mwini mbumba, komanso kapitao pa esiteti ya tiyi, munthu wozolowera kuti akatsokomola anthu makumi asanu amawerama.

“Kodi alamu, singano m'munda? Mpunga wang'ambika?”

“Iyayi alamu, ndikuukwatitsa,” anayankha Alufeyo osadzutsa mutu.

A Pilato anaseka mpaka chipewa chinagwera m'madzi. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali ukumutchula mkamwiniyo kuti Ankhoswe a Mpunga. Estele zinkamuwawa, koma mwini wake ankangomwetulira.

Ukwati woyamba uja unabereka njere zisanu ndi ziwiri zokha. Zidzukulu za njerezo zinabadwa zosiyanasiyana, zina zazitali, zina zazifupi, zina za ndevu, zina zometa. Chaka ndi chaka Alufeyo ankayenda m'munda phesi ndi phesi, kusankha ngala imodzi pakati pa mazana, zotsalazo n'kupita kunkhokwe. Ngala yokhala ndi ndevu komanso yocha msanga ankaimangira mfundo imodzi. Ikawonjeza kutalika ndi kulemera, mfundo ziwiri. Yachitatu inali ya fungo, ndipo imeneyi ndiyo inamuzunza. Ankatafuna njere zosaphika mpaka nsagwada kuwawa, Estele naye kutafuna, koma fungo la Kanunkhira linkangokhala ngati likubisala. Linapezeka pokolola mu 1956, pa mapesi ochepa a m'mphepete mwa munda. Tsiku limenelo bambo wamkulu uja anakhala pansi pamatope, misozi ili mbwembwembwe, nauza mkazi wake kuti amange yekha mfundo yachitatuyo.

Apa n'kuti anthu atasiya kale kuseka. Kamunda ka Alufeyo kankacha madzi akadalipo, ngala zitawerama, mpheta zikungozungulira m'mwamba. Anthu anayamba kubwera ndi timalichero kudzapempha mbewu, koma iye ankawabweza mwaulemu. “Pepani, mbewuyi ikadali ndi mitima iwiri. Ndikakupatsani lero, ina idzabwerera kwa bambo wake, ina kwa mayi wake, ndipo mudzanditukwana. Ndipirireni dzinja limodzi lokha. Ndichulukitse wa mfundo zitatu, aliyense adzatape.” Ngakhale Alefa, amene sankatha kuona nkhokwe yopanda kanthu osakumbukira manda a ana ake, anavomera kudikira.

Chimene chinawononga zonse ndi mawu ochepa chabe. Loweruka lina pamsika wa Milonde, mlendo wapanjinga anaima pamaso pa a Pilato nawafunsa mwaulemu wonse: “Zikomo bambo, kodi njira ya kwa Alufeyo wa mpunga ndi iti?”

Kwa Alufeyo! Mudzi umene kuyambira kale unkatchedwa kwa Pilato! A Pilato anamulozera njira ya kumanda, nabwerera kunyumba mtima uli phuthuphuthu. Mpunga iwo sankaudya n'komwe. Ankati ndi chakudya cha mbalame, sukhalitsa m'mimba mwa mwamuna. Kulima anayesapo dzinja lina pofuna kuonetsa kuti ntchitoyi ndi yachibwana, koma anakolola mapesi okhaokha, ndipo nkhaniyo sinkakambidwa iwo ali pafupi. Alufeyo sanawalande kanthu. Sanawalande munda, sanawalande ukapitao, ndipo akakumana panjira ankavula chipewa monga mkamwini aliyense wolangizidwa bwino. Chinawadya a Pilato ndi chakuti pakhomo pawo panali chinthu chabwino chimene iwo analibe nacho dzanja.

Mwezi wa Okutobala kunali ukwati wa Eneles, mwana wa Alefa. Kutatsala masiku awiri, uthenga unafika woti mayi ake a Alufeyo adwala kwambiri ku Muloza. Alufeyo ananyamuka yekha, Estele natsala kuti athandize mkulu wake. M'mawa mwake, azimayi ali pamtondo, a Pilato analowa m'khitchini, malo amene mwamuna wa msinkhu wawo analibe nawo ntchito, nayang'ana kudenga.

“Iwe Estele, tsitsa mpungawu. Kukubwera makalaliki a kuesiteti. Sindingawadyetse mchenga wanu wa Chandevu.”

Estele anayamba waseka, poyesa nthabwala. Ataona nkhope ya mlongo wake, anagwada. “Achimwene, imeneyo ndi mbewu. Mpunga wodya uli m'nkhokwe, wabwino ndithu, wotsala posankha. Tengani wonse, ngakhale nkhokwe yomwe.”

“Ndanena wa kudengawu.”

“Dikirani eni ake abwere, achimwene.”

“Eni ake? Asa! Eni ake ndani? Dambo ndi la mbumba ino, khitchini ndi ya mbumba ino, utsi womwewu ndi wa nkhuni za mbumba ino. Mwamuna wakoyo anabwera ndi mkeka basi. Kapena masiku ano pamudzi pano pakulamula ankhoswe a mpunga?”

Azimayi pamtondo anaimitsa minsi. Estele anaona kuti nkhaniyi si ya makalaliki, ndipo mantha anamulowa mpaka m'mafupa. Apa m'pamene analakwitsa, cholakwa chimene anakhala akudziimba nacho mlandu moyo wake wonse. Anatambasula dzanja naloza pakati pa denga.

“Chabwino, tengani yonseyo. Koma kokhako, ka mfundo zitatuko, ndisiyireni. Zaka zisanu ndi chimodzi zili m'menemo, achimwene. Ndapota nanu.”

A Pilato sankadziwa kuwerenga luzi. Akanapanda kuuzidwa, mwina akanatsitsa timitolo ta pafupi ndi khomo n'kutopa ndi mwaye. Koma tsopano anali atalozeredwa. Anakoka mpando, nakwera, ndipo kamtolo koyamba kutsika kanali komweko. Anadula luzi ndi mpeni, naponya ngalazo pamphasa. Kenaka anatsitsa totsalato tonse, pamodzi ndi kamtolo ka Kanunkhira weniweni, mbewu ya mayi ake a Alufeyo ija, nasakaniza zonse ndi phazi.

“Punthani, musinje,” anatero, natuluka akudzisasa mwaye pamapewa.

Ndipo azimayi anasinja. Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima koposa. Panali azimayi asanu ndi mmodzi, aliyense wa iwo anali atapemphapo mbewu imeneyo, aliyense ankadziwa chimene chinali mumtondomo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati iyayi. Mwini mbumba walankhula, ukwati ndi mawa, ndani afune kutchedwa wosokoneza? Alefa ndiye anayamba kugwira munsi, maso ali pansi. Estele yekha anakana. Anakhala pakhomo la khitchini manja ali m'masaya, akumva kugunda kulikonse kwa munsi.

Ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi inadzaza miphika iwiri. Tsiku la ukwati, miphikayo itavundukulidwa, fungo linafalikira pabwalo ponse mpaka oimba anasokoneza nyimbo. Makalaliki anadya akugwedeza mitu, nafunsa kuti mpunga wotere umagulidwa kuti. Sipanathe nthawi yosenda chinangwa chimodzi, mbale zinali zitayera. A Pilato, amene anakhala pakati pa alendowo chifuwa chili patsogolo, sanalaweko ngakhale njere imodzi. Anaitanitsa chinangwa ndi nyemba za kalongonda, nabwereza mawu awo aja akuti mpunga sukhalitsa m'mimba.

Alufeyo anabwera Lachiwiri masana, mayi ake atapezako bwino. Analowa m'khitchini monga mwa chizolowezi chake, asanamwe ndi madzi omwe, nakweza maso. Kudenga kunali tizidutswa ta luzi tokha. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Ndi ka mfundo zitatu komwe?”

Estele anagwedeza mutu movomera.

“Nanga wa amayi?”

“Wonse, bambo. Ndipo kamtolo kaja ndinawalozera ndine, popempha kuti akasiye.”

Alufeyo sanakalipe. Estele ankalakalaka akanakalipa, akanaswa mphika, akanachita chilichonse. M'malo mwake anatuluka, napita pamene panali mtondo, napirikitsa nkhuku zimene zinkapalasa m'mankhusu, nagwada. Anayamba kutola njere zimene zinathawa munsi, imodziimodzi, n'kumaika m'chipewa chake. Estele anakagwada pambali pake. A Pilato anawapeza ali choncho pochokera kuntchito.

“Mwabwera alamu? Musadandaule kwambiri, mpunga ndi mpunga. Si ndinu ankhoswe? Mudzakwatitsa wina.”

“Mkwatibwi mwadya, alamu,” anatero Alufeyo motsitsa mawu. “Ndidzakwatitsa yani?”

Estele anaimirira, mankhusu ali m'mawondo. Chibadwire anali asanayankhepo mlongo wake mokweza, koma tsiku limenelo anamva ndi a tsidya lina la dambo.

“Achimwene, ndikufunseni. Unakoma mpungawo?”

“Iwe, ukudziwa kuti ine mpunga sindidya.”

“Ndiye munaufuniranji? Simulima, simudya, simunaufune ngakhale pang'ono. Munangofuna kuti ena asakhale nawo. Amayi athu tinawaika m'manda ndi njala, inu mukulandira phoso la chakudya kuesiteti. Ana a achemwali Alefa tinawakulunga mumkeka umodzi. Wabwera munthu woti atitseke pakhomo njala isalowenso, inu mwachotsa chitseko chifukwa anthu akutchula dzina lake pamsika. Mbumba mumaisunga, kapena mumaidya?”

“Ukulankhula ndi ine choncho chifukwa cha mkamwini? Ngati zamuwawa, njira ya ku Muloza akuidziwa.”

“Nanenso ndiidziwa,” anatero Estele.

Anthu anayesa ndi mawu a mkwiyo chabe, pakuti kumeneko mkazi sasiya nthaka ya amayi ake kutsata mwamuna popanda mwini mbumba kuloleza. Koma Lachisanu m'mawa Estele anasenza mtolo wake, mwana kumbuyo, Alufeyo atatsogola ndi khasu, mkeka, ndi kansalu kaja. Munali njere makumi anayi ndi imodzi, zosadziwika kuti iyi inachokera m'kamtolo kati. Alefa anawaperekeza mpaka pamtsinje, ndipo pobwerera ankalira.

Ku Muloza abale anawagawira kachigawo ka dambo, ndipo Alufeyo anayambiranso. Pa njere zija zinamera makumi awiri ndi zitatu. Anasankha, nachulukitsa, nasankhanso, mpaka kufesa kawiri pachaka m'mphepete mwa mtsinje, kuthirira ndi ndowa m'chilimwe. Ndevu zinabwerera. Kucha msanga kunabwerera. Ngala zazitali zinabwereranso, ndipo pofika 1959 kudenga kwa khitchini yatsopano kunali kodzaza timitolo ta mfundo ziwiri, mbewu yokhazikika, yobereka kawiri kuposa Chandevu. Anthu a kumeneko anaitapa ndi manja awiri, ndipo atamva mbiri yake anaitcha dzina loti Mkamwini. Koma fungo silinabwererenso. Alufeyo anatafuna njere za phesi lililonse kwa zaka zitatu, anafunsa Kanunkhira m'midzi ya tsidya lino ndi tsidya lija la malire, osaupeza. Mayi ake anamwalira asanamvenso fungo la mpunga umene anauvutikira. Kufikira ukalamba wake, Alufeyo sanamangenso mfundo yachitatu.

Kwa Pilato zaka zitatuzo zinali zowawa. Dzinja lina mvula inadula msanga, chimanga chinapserera, ndipo tingala ta Chandevu sitinafikitse anthu ngakhale pa Khirisimasi. Azimayi aja amene anasinja mbewu anakhalira maganyu ndi kudya mango osapsa. Mukuganiza kuti a Pilato anaonda? Ayi ndithu. Phoso lawo la kuesiteti linkabwera monga kale, chinangwa ndi kalongonda sizinasowe m'mbale mwawo, ndipo mlendo wofunsa njira ya kwa Alufeyo sanawavutitsenso. Anapeza chimene ankafuna. Amene analipira ndi ana a alongo awo.

Mu Novembala 1959, mitambo itayamba kusonkhana paphiri, Estele anaona mayi wowonda akulowa pabwalo ndi kalichero m'manja. Anali Alefa. Anayenda wapansi kuchokera ku Milonde, ndipo atapatsidwa mkeka anakana, nakhala padothi.

“Ndabwera ndi manyazi anga, m'bale wanga. Eneles ali ndi mwana, mkaka sukutuluka bwino. Akuti kuno kuli mbewu.”

“Achimwene akudziwa kuti mwabwera?”

“Ndawauza. Anandifunsa dzina la mbewuyo. Nditawauza kuti ndi Mkamwini, anangolowa m'nyumba.”

Estele anali atasunga mawu ambiri zaka zonsezo, akuthwa bwino, oti adzamuuze mkulu wakeyo tsiku ngati limeneli. Koma ataona kuwonda kwa mikono yake, mawuwo anamuthawa. Anayang'ana mwamuna wake, ndipo Alufeyo anali atakwera kale pampando kutsitsa timitolo. Anadzaza kalichero, nawonjeza thumba loti akagawire azimayi ena asanu aja.

Alefa anatapa njere zodzaza dzanja, nazipekesa, naziyandikiza kumphuno. Ananunkhiza kawiri. Kenaka anakweza maso, akufunafuna fungo limene analimva kamodzi kokha, tsiku la ukwati wa mwana wake.

“Musavutike, achemwali,” anatero Estele. “Uwu ndi wokhutitsa basi. Wonunkhira uja munasinja.”

Mpunga wa Mkamwini unafika ku Milonde dzinja lomwelo, utachedwa zaka zitatu, ndipo unafika wopanda chinthu chimodzi chimene palibe akanachibwezanso. Ana obadwa pambuyo pake anakula okhuta, koma sanadziwe kuti panali mpunga woimitsa anthu apanjira. Zonsezi chifukwa cha munthu mmodzi amene sankalima mpunga, sankaudya, koma sanapirire kuona anzake akuuyembekeza. Chimanga chokazinga chikakukanika kutafuna, ingokhala chete, pakuti pakhomo pali ena amene angachithe. Akulu anaona anthu a mtima wa a Pilato pamene ananena kuti ukapanda mano usamaswa phale.